Lendi Yachiwiri

Pa shelefu yanga ku Chilenje pali zimbale khumi ndi zinayi.
Chomaliza ndinagula chaka chija
mvula inagwetsa mpanda wa kuseri.
Mpandawo anaumanganso.
Pa shelefu pangowonjezeka fumbi.

Kale gemu imodzi inkandidyera miyezi itatu:
kuyenda wapansi kuchokera ku Kamwala,
kumeza mate podutsa owotcha soseji,
ndalama ya minibasi kuipinda, kuibisa m'sokosi.
Tsiku lokagula ndinkasamba ngati wopita kukafunsira mbeta.
A Zimba a zimbale, m'kakhonde kawo kuseri kwa Cairo Road,
ankachitulutsa pang'onopang'ono,
kuchitembenuzira ku dzuwa kuti ndione:
chilibe zikande, mwana wanga, wadzionera wekha.

Ndipo ndinkaisewera mpaka kutha,
kuyambiranso, kuthanso,
mpaka makona ake kuwadziwa
kuposa njira zachidule za ku Kabwata.
Ndikatopa nayo, Masauso ankabwera ndi yake m'thumba la buledi,
tisinthane mpaka Lachisanu.
Chikakandika, tinkachipaka mankhwala otsukira mano
n'kupemphera.

Lero pa deti iliyonse ya chisanu foni imalira kawiri.
Koyamba ndi mayi eni nyumba.
Kachiwiri ndi ena amene sindinawaonepo nkhope,
amadzitengera okha, mwaulemu, n'kuthokoza.
Akatero chitseko chimatseguka:
magemu mazana, mazana,
ndandanda wautali ngati mzere wa mafuta.

Ndimatsitsa chala, kutsitsa, kutsitsabe.
Iyi ndilawe. Ayi, iyo.
Mphindi khumi, yandikwana.
Tiyi wazizira m'kapu.
Pomwe ndikuti ndasankha, Zesco nayo yasankha,
ndipo ndimakhala mu mdima ndi chowongolera m'manja,
mwini chuma amene sanadye kanthu.

Inalipo imodzi yokha imene inandigwira mtima,
ya mtsikana wofunafuna mlongo wake m'mzinda womira.
Ndinkaisunga, pang'onopang'ono,
ngati nyama yomaliza m'mbale.
Ndili pafupi kum'peza mlongoyo,
kauthenga pakona: ikuchoka pa fifitini.
Sabata imeneyo ndinali pa shifiti ya usiku.
Pa sikisitini ndinapeza malo ake atakhalapo ina,
ya magalimoto.

Loweruka ndinapita m'tauni.
Kakhonde kalipo, a Zimba alipo, imvi zachuluka.
Pa thebulo: machaja, makava a foni, tochi zotchaja ndi dzuwa.
Ndinatchula dzina la gemuyo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali
ngati ndafunsa za munthu amene anamwalira kale.
Iwe si uja unkabisa ndalama m'sokosi?
Unasowa. Nonse munasowa tsiku limodzi.
Ndiye ndikanaodera ndani?
Anaseka, osati monyoza.
Nyumba ya lendi, bola umagonamo.
Nanga iwe, ukutuluka ndi chiyani?

Ndinagula chaja chimene sindinkachifuna.

Sindinama, mwezi wotsatira ndinalipiranso.
Ndi zotchipa, masamu ake ndinawerengera pa kalendala,
ndipo mphwanga Tiyanjane amasangalala nazo.
Iye sanadikirepo chinthu miyezi itatu.
Atapeza zimbale zanga anafunsa
ngati ndi zoyikapo makapu.

Koma mu Juni ntchito inachedwa kulipira.
Foni inalira kamodzi kokha,
chitseko chija chinatsekeka popanda phokoso,
mazana onse aja osatsazika.
Ndinakwera pa mpando, kutsitsa chachitatu kuchokera kumanzere,
chija chili ndi dzina la Masauso kumbuyo,
amene ali ku Solwezi tsopano ndipo sanabwere kudzachitenga.
Ndinachiuzira mpweya,
kuchipukuta pa malaya,
kuchilowetsa.

Makina anatsokomola, anaganiza,
anatsokomolanso.
Kenako nyimbo ija.

Sichinafunse deti.
Sichinafunse ngati ndalipira.
Chinangondibwezera pa mlatho pomwe ndinasiyira
zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo,
munthu wanga ataima chilili, lupanga m'manja,
ngati ndinangotuluka kukagula mazira.