Pothera Njanji

Mu Januwale ku Kraków dzuwa limaweruka msanga,
folo koloko isanakwane lafunda kale,
kutisiya ife ophunzira zamankhwala
ndi nyali za m'laibulale zosadziwa kuphethira.

Usiku wachitatu ndisanalawe tulo
chikope chakumanzere chinayamba kuvina chokha.
Ndinachiuza kuti chidikire mayeso athe.
Makapu asanu a khofi,
buledi wadzana wouma gwa ngati thabwa,
mayina mazana atatu a mapiritsi
ali piringupiringu m'mutu ngati nyerere zaona shuga.
Ndinkadziwa mankhwala a mtima, a mutu, a kusowa tulo,
mlingo wake ndi nthawi yomwera,
koma nthawi yanga yodyera ndinali nditaiwala.

Jagoda, mnzanga wa m'chipinda,
anandiikira supu yofiira pambali pa mabuku.
Inazizira mpaka kumera khungu.
"Dobrawa, watha ngati pensulo," anatero.
Ndinamuyankha ndi msana.

Amayi akaimba kuchokera ku Tarnów
ndinkati zonse zili bwino, n'kudula.
Lendi yanga amaipeza posoka makatani a eni ake.
Ndikanalephera bwanji ine,
zala zawo zitatha ndi singano?

Lachinayi mtima unathamanga ndili chikhalire,
manja thukuta, kunja chipale chili mbuu.
Ndinavala jekete, n'kukwera sitima ya m'misewu
kuti ndikawerengenso.
Mpando unali wofunda.
Mawilo ankang'ung'udza pansi pa mapazi.
Ndinati nditsinzine pang'ono, mpaka pa mlatho basi.

Mlatho unadutsa. Mtsinje wa Wisła unadutsa
ndi abakha ake oima pa madzi ouma.
Laibulale inadutsa osandifunsa.

Anandidzutsa ndi woyendetsa,
mayi wa magolovesi odula zala.
"Pano ndi pothera njanji," anatero.
"Ndili ndi mphindi zisanu ndi ziwiri."
Anatsegula fulasiki, n'kundithirira tiyi m'chivindikiro,
wa ndimu, wotsekemera mopitirira.
Sanafunse dzina langa.
Anangoyang'ana mitengo yopanda masamba
uku akutafuna apozi.

Ndinalira pamenepo,
kulira konyansa, kwa mamina,
tiyi akugwedezeka m'manja.
Iye anandipatsa kapepala kopukutira,
n'kuyang'ana wotchi.
Chisitima chonsecho chinali zii, zitseko pululu,
chikupuma mpweya wozizira
popanda wochiimba mlandu wa ulesi.

Mawa lake ndinapita kuchipatala cha pasukulu.
Dokotala Kmiecik anandiyeza magazi, anamvera mtima,
n'kufunsa funso lomwe silinali m'mabuku anga:
"Munaseka liti komaliza?"
Ndinawerenga masiku pa zala, zala n'kutha.
Anandilembera tsiku lokaonana ndi mlangizi,
chipinda chachinayi, pafupi ndi masitepe,
khomo lomwe ndinkalidutsa chaka chonse
ndikuganiza kuti ndi la anthu ena.

Mayeso ndinalemba.
Funso lachisanu ndi chimodzi ndinalisiya loyera.
Ndinakhoza mwapakatikati,
ndipo denga silinagwe.

Tsopano Lachiwiri lililonse Jagoda amandikoka kukasambira.
Ndimasambira moipa, ndimamwa madzi a m'dziwe,
agogo ovala zipewa za labala amandipitirira,
koma m'madzimo mulibe dzina la piritsi ndi limodzi lomwe.
Supu ndimamwa ikadali yotentha.
Foni imagona m'kabati, ine pabedi,
ngakhale masiku ena timasinthana.

Amayi ndinawauza zoona Lamulungu lina.
Anakhala chete nthawi yaitali,
makina osokera ataima,
kenako anati, "Bwera Loweruka, udzagone kuno."

Chikope chija chimavinabe nthawi zina,
makamaka Juni akayandikira.
Ndikachimva ndimatseka buku,
n'kukwera sitima ija mpaka kothera.
Woyendetsa uja sindinamuonenso.
Ndimatsika, n'kuima pansi pa mitengo,
mphindi zisanu ndi ziwiri,
manja m'thumba,
osaloweza kanthu.