Manja a Ondina

Mwana wanga Benedita ndiye analipira,
mayuro makumi asanu, ine ndikukana.
Ndinati, ndalama zonsezi kulipirira kugwidwa mutu?
Iye anati, bambo, mano anu akutha,
usiku mumawakukuta mpaka kumveka kuchipinda kwanga.

Ndiye Lachiwiri lina, mvula ikuwaza mu Porto,
ndinakwera masitepe makumi anayi ndi awiri
pamwamba pa wosoka nsapato,
fungo la guluu likunditsata mpaka pakhomo.

Ondina ndi mayi wamfupi, wa imvi za mbali imodzi.
Sanandiuze kuvula malaya.
Anangoti vulani nsapato, gonani chagada.
Ine kudikira kuti andipotokole khosi,
andikande mpaka mafupa alire.
Ayi ndithu.
Anayamba ndi zidendene, kuzinyamula ngati mazira a mwini,
kenaka dzanja linalowa pansi pa msana, kumunsi kwenikweni,
n'kukhala pomwepo. Duu.
Wotchi yapakhoma inkayenda, dzanja osayenda.

Ndinafunsa, kodi mwayamba?
Anati, ndikumvetsera.
Kumvetsera chiyani poti sindikuyankhula?
Anati, m'chigaza ndi mumsana muli madzi,
ife timati amadzaza n'kuphwa pang'onopang'ono
monga achitira Douro pamathiriro ake.
Dokotala wanga atamva izi anaseka, anati umboni wake palibe.
Ine sindidziwa. Ndine woyendetsa sitima ya mumsewu,
ndimadziwa njanji, belu ndi buleki.

Atafika kumutu anaika nkhongo yanga m'zikhatho,
zala zopepuka ngati khobidi limodzi.
Mutu umene ndausenza zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu
ndinali ndisanaupatseko munthu.
Khosi linakana. Linagwira nji,
ngati wosenza mtolo wosakhulupirira womulandira.
Iye sanalimbane nalo.

Padenga mbalame za kunyanja zinkakangana.
Pansi, nyundo ya wosoka nsapato: kho, kho, kho.
Patali, chakumtunda kwa Carmo, belu la sitima linalira,
ndipo dzanja langa lamanja linafumbata lokha,
kufunafuna buleki.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, m'mawa wa nkhungu,
mnyamata wa njinga yachikasu anangotulukira pakona.
Ndinakoka buleki ndi thupi lonse, mano gwa,
zitsulo zikulira, mchenga ukukhuthukira panjanji.
Tinaima. Panatsala mpata wa chikhatho chimodzi.
Mnyamatayo anatukwana, natola chipewa chake, napita.
Palibe anafa. Palibe anavulala.
Anzanga anandigulira vinyo madzulo ake.
Koma ine buleki ija sindinaisiye.

Sindinamuuze Ondina zimenezi.
Anangomva nsagwada ikunjenjemera pazala zake,
anati, musafulumire, ndili pano.
Misozi inatsikira m'makutu, yotentha,
zamanyazi kwa bambo wa ndevu zake.
M'mimba munalira.
Mano apamwamba ndi apansi analekana pang'ono,
kampata kongokwana nsonga ya lilime.
Ndinakoka mpweya umene unakafika mpaka palamba.
Kenaka akuti ndinaliza mkonono. Zimenezo ndikukana.

Potsika masitepe ndinaiwala kuwawerenga.
Mvula inali isanakate. Khosi linkawawabe kumanzere,
ndisaname kuti ndinachira.
Benedita anafunsa, akuchitani chiyani?
Ndinati, palibe, angondigwirira mutu ola lathunthu.
Ndiye mupitanso?
Ndinatenga buledi patebulo,
ndinamuluma kolimba kuja ndinkakupewa,
ndinatafuna, ndinameza,
ndinati, za Lachiwiri likubwerali ndalipira kale ndekha.