Usiku wa Masamba Aakulu

Leveni koloko. Mvula yatsetsereka kuchokera ku Ku Chawe,
ikuguguda malata a chipinda cha maseva.
Mawa zotsatira za mayeso zituluka,
ana zikwizikwi adzadina batani limodzi nthawi imodzi,
ndipo makinawa, ndikuwadziwa ine, adzabanika.

Twaibu akuti tithimitse, tiwonjezere memori, tiyatsenso.
Ndakana.
Wodwala uyu timuchita opaleshoni ali maso.

Ndalemba mzere umodzi.
Magigabaiti khumi ndi asanu ndi limodzi alowa mwakachetechete
ngati mlendo wofika eni nyumba ali mkati mokangana.
Kenelo yamuona, koma sinamupatse moni.
Iyenera kutsegula kaye kaundula,
tsamba lililonse ilipatse nambala,
ndipo malo osungira kaundulayo
yawadula pa munda womwewo wangofika kumene.
Ngakhale mphatso imadula msonkho.

Masamba aang'ono ndi makilobaiti anayi basi,
timapuloti ta ku Chinamwali:
apa kanyumba, apa bafa, apa khola la nkhunda.
Tsamba lalikulu silimva zimenezo.
Limafuna timapuloti mazana asanu ndi khumi ndi tiwiri
togundizana, popanda mpanda pakati,
lakatalakata ngati bwalo la gofu m'munsi mwa phiri.
Purosesa imakondwa nalo,
poti kope lake la maadiresi ndi la m'thumba la shati:
bola dzina limodzi kusiyana ndi mazana.

Mu memori yakale malo alimo, sindikukana,
koma ali balalabalala
ngati mipando ya minibasi ya ku Jali
pamene banja lonse likufuna kukhala pamodzi.
Kenelo yasanduka kondakitala:
amayi tasunthani, achimwene bwerani kuno,
katunduyo munyamule pamiyendo.
Ambiri amasuntha, akung'ung'udza.
Koma pamakhala mmodzi wosasunthika,
katsamba kamene kenelo inadzikhomera yokha,
manda amodzi pakati pa munda.
Manda amodzi okha,
ekala yonse yakanika kulimidwa ndi thirakitala.

Ndiye pa malo atsopanowa ndakhoma chikwangwani:
pano aliyense ndi walendi,
njerwa zootcha ayi.
Memoriyi ndabwereka kwa seva ya kulaibulale,
Lolemba m'mawa ndiyenera kubweza yathunthu,
ndipo tsamba limodzi likangomera mizu
ndikapepesa bwanji kwa mayi Nankwenya?

Izi sindinaziwerenge m'buku lokha.
Msuweni wanga Gomezgani tinamupatsa chipinda ku Matawale,
akuti masabata awiri, akangopeza ntchito.
Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi.
Anabzala peyala kuseri kwa khitchini,
chaka chatha labereka,
ndipo tonse tinadya, mwamanyazi, ndi mchere.

Wani koloko. Manambala akukwera pa sikirini,
masamba aakulu zikwi zitatu, zinayi,
oyera ngati mabedi a chipatala asanagonepo munthu.
Magetsi aphethira kawiri,
jenereta yatsokomola, yaganiza, yalekeza.
Twaibu wagona chibwano pachifuwa.
Che Likaka, alonda, asuzumira pakhomo
ndi jekete lonyowa: zatheka, abwana?
Ndayankha kuti makina sanadziwe n'komwe kuti tawakhudza.
Apukusa mutu: ndiye mwagwira ntchito yanji?

Kukucha, nkhungu yakhala pa mitengo ya paini.
Wina, mwina ku Thondwe, mwina pa mzere wa mjigo ku Sadzi,
walemba nambala yake pa foni yong'aluka galasi,
chala chikunjenjemera.
Wakhoza, walephera, kenelo sidziwa,
ndipo sifunsa.
Yamupatsa kangodya m'tsamba lalikulu,
yamusungira mphindi yosakwana kuphethira,
yasesapo,
yaitana wotsatira.

Ine ndikufufuza makiyi a njinga m'matumba onse.
Ndaiwalanso pomwe ndinawaika.