Mitima Iwiri ya Thanki

Ku Mabvuku, pamwamba pa thanki lakale la madzi,
ndaponya tepi kakhumi ndi kamodzi.
Rungano wagwira nsonga inayo, mphepo ya Ogasiti ikulimbana naye,
akukuwa manambala, ine ndikulemba pabondo.
Akhonsolo akufuna chivundikiro chatsopano.
Funso lawo ndi lalifupi: pakati ndi pati?

Usiku magetsi athima. Laputopu yatsala ndi moto wa ola limodzi.

Madontho atatu savuta.
Mkombero umawadutsa onse popanda mlandu.
Lachinayi ndilo limabwera ndi mkangano,
ndipo ine ndili nawo khumi ndi limodzi,
lina linagwedezeka ndi mphepo,
lina Rungano analiwerenga akuyang'ana mayi wa zigubu pansi paja.

Ndijambula mkombero wongoyerekeza.
Ndiyeza mpata umene dontho lililonse latsala,
ndiuchulukitsa ndi mwini wake
kuti dandaulo la kunja lisafafanize dandaulo la mkati,
kuti lotayika kutali lilire mokweza kuposa anzake.
Ndiphatikiza madandaulo onse.
Ndisuntha pakati pang'ono. Ndiphatikizanso.
Ndisunthanso,
mpaka kulira kutachepa.
Kuchepa, osati kutha.

Komabe kum'mawa ndi kumadzulo madontho atulukira kunja,
kumpoto ndi kumwera akhalira mkati.
Si tepi yanama ayi.
Thanki lakalamba, nthaka yalikankha,
lawulungika ngati dzira.

Dzira la m'masamu lili ndi mitima iwiri.
Khoma zikhomo ziwiri, manga chingwe, kokera pensulo:
ukatalikira chikhomo ichi wayandikira icho,
chingwe sichitalika, sichifupika.

Bambo anga, a Nikisi Chadzunda,
zaka makumi anayi akuwotcherera zitsulo ku Msasa,
ali kuno ankanena za Dedza,
atapita ku Dedza milungu iwiri anafunsa basi ya ku Mbare.
Tinkati sadziwa kwawo.
Ndife tinkawayeza ndi mkombero wa mtima umodzi.

Laputopu yalira, moto watha.
Ndikopera manambala asanu pa kuwala kwa foni.
Mzere wanga sukhudza dontho ngakhale limodzi,
koma palibe limene wataya.

Mawa ndidzauza akhonsolo kuti asadule chitsulo chozungulira.
Rungano adzafunsa ngati tibwererenso kukayeza,
ndidzati inde, mphepo ikagona,
ndipo abweretse chipewa chomanga pachibwano.