Chipewa cha Nyumba Yoyenda

Bambo Alfazema anabwera nayo kuchokera ku Joni,
nyumba ya matayala asanu ndi limodzi,
naiimika kuseri kwa chigayo pa Nchalo, pansi pa msawu.
Akadina batani, nthiti zake zimatuluka:
kumanzere chipinda chogona,
kumanja kakhitchini ka mpopi wouma.
Ana a sukulu amati ndi kamba
wotulutsa miyendo akamva kuti kunja kuli zii.

Koma kamba ali ndi chigoba.
Zipinda izi zikatuluka, pamwamba pake ndi pamtetete.
Masawu amagwera pomwepo n'kuwolera pomwepo,
mileme imasiya zake,
ndipo akatentha nzimbe ku esiteti
phulusa lakuda limatera ngati lalipira lendi.
Akadinanso batani
zonsezo zimalowa m'nyumba limodzi ndi chipinda.
Mvula ya Disembala inawapeza pa pilo.

Anafika pakhonde panga Lachiwiri,
mapazi anga ali pa makina,
diresi ya ukwati wa eni ake ili pakatikati.
"Mayi a Fulukiya, mumasoka lona?"
Ndinati ndimasoka chilichonse
chimene singano ingapirire.

Zuze wowotcherera anayeza ndi tepi yofufutika manambala,
anayezanso,
kenaka anakhulupirira mkono wake.
Mapaipi awiri, masipuling'i a chitseko cha sitolo yakugwa,
mabawuti amene ananenerera mpaka dzuwa kupendeka.
Anati lona azidzikulunga yekha chipinda chikamalowa,
azitambasuka chikamatuluka,
ndipo apendekeke zala zitatu
kuti madzi asowe pokhala.

Lona wa m'sitolo anali mtengo wa mbuzi ziwiri.
Bambo Alfazema anakanda m'mutu.
Ine sindinanene kanthu.
Usiku ndinakoka mtolo pansi pa bedi.

Analipo, wopindidwa monga ndinamusiyira,
woyera kale, lero wa mtundu wa madzi a Ruo,
denga lathu la miyezi isanu ku Bangula
chaka chimene madzi anatilanda Makhanga.
Pakona pali pamene Fulukiya analemba dzina lake ndi khala,
F wake atayang'ana kumbuyo.
Fungo silinachoke:
utsi, nyemba za thandizo, matope.

Ndinaika sizasi. Ndinaichotsa.
Ndinakamwa madzi.
Ndinaikanso.

Masingano atatu anathyoka.
Ulusi wa ukonde ndinapempha kwa mlamu wanga msodzi,
ndinaupaka kandulo kuti uzidutsa.
M'mphepete ndinapinda kawiri, ndinasoka katatu,
poti dzuwa la kuchigwa kuno silikambirana ndi munthu,
limadya mphira, limadya penti,
msoko waulesi limaumaliza mwezi usanathe.

Tinakweza Loweruka m'mawa kusanatenthe.
Zuze pamwamba, sipanala kukamwa,
ine pansi ndagwira makwerero obwereka ku tchalitchi,
akabaza aimitsa njinga, aliyense ndi nzeru zake.
Mwana wina anakwera mumsawu ndi chidebe
nathira madzi.
Anatsetsereka, anagwera kutali ndi zenera,
ananyowetsa nsapato za mwini wake.
Tonse tinaseka.

"Nyumba yanga madzi sangaipeze," anatero,
"akamabwera ndingoliza injini, ulendo wa ku Thabwa."
Ndinayang'ana tayala lakumbuyo
limene linagwada chaka chatha,
udzu utamera kale m'mbali mwake.
Ndinangowerenga ndalama zanga.

Kenaka anadina batani.
Chipinda chinabwerera pang'onopang'ono,
lona akudzikulunga pa paipi, kwe, kwe, kwe,
miyezi isanu ija ikulowa m'kachitsulo
kosaposa mkono wanga kunenepa.
Chomaliza kulowa chinali dzina la mwana wanga.

Madzulo ndikamachokera kumsika ndimadzera kuchigayo,
ngakhale si njira.
Zipinda zimakhala zili kunja, zavala zipewa,
masawu atadzaza pamwamba pa F,
ndipo pansi pake munthu wagona tulo touma.