Maso Anga Ayamba Kufooka

Sukulu atsekera Lachisanu.
Ndaziona wabwera ndi lipoti lopindapinda m'thumba la yunifolomu,
pansi pake a Kampango alemba ndi cholembera chofiira:
masamu akumuvuta, pa tchuthi asagone.

Mawu amenewo sindinawerenge ndekha.
Anandiwerengera Lekereni wa matimati
nditamuuza kuti magalasi ndaiwala kunyumba.
Magalasi ndilibe.
Ndinalekera sitandade thu, chaka chomwe ng'ombe za amalume
zinasowa woziweta.

Lolemba ndamudzutsa nkhungu isanachoke pa Lizulu,
chisanu chikuluma zala ngati linthumbu.
Tiye, mwanawe, maso anga ayamba kufooka,
ukandithandize pamsika.

Ndowa ya kachewere wa ku Tsangano, naini sauzande.
Mayi wa galimoto yoyera akufuna zitatu,
watulutsa sate sauzande osatsika n'komwe.
Chenji chingati?
Ndaziona akanda katoni ndi khala,
afufuta ndi malovu, ayambiranso,
mayi uja akuliza hutala.
Ine yankho ndili nalo kalekale, lili m'zala zangamu,
koma ndaluma lilime
mpaka mwana anene yekha: fili sauzande!
Mawu ake anjenjemera ngati wadzuka kumaloto.

Masana timawerenga zodutsa pamsewu.
Minibasi yalembedwa chiyani kumbuyoko?
Zonse ndi Nthawi.
Nanga iyo?
Usandiyang'ane Ine.
Thumba la feteleza, botolo la mankhwala a kabichi,
chikwangwani cha tsidya lija la msewu
chomwe chili m'Chipwitikizi, tonse chatikanika, taseka.

Nyuzi yokulungira zitumbuwa inali ndi nkhani
ya munthu amene mbuzi yake inakwera basi.
Mapeto ake anang'ambika, anapita ndi wogula wina.
Ndiye zinatha bwanji?
Sindikudziwa, bambo.
Peka.
Anapeka mpaka mbuzi inakafika ku Balaka
n'kukwatiwa.

Sabata yachitatu tapezeka tili ndi kalasi.
Ana a Lekereni awiri, kamnyamata ka ookotcha chimanga,
wina sindikudziwa n'ngwa yani,
akhala pa matumba ndi zitsekerero za mabotolo
kugawa makumi anayi kwa anthu asanu.
Malonda anatsika pang'ono, sindikana.
Anyezi wina anabedwa tikuwerenga.

Tsiku lina mphepo ya Ogasiti yaulutsa pepala,
ndaligwira, ndaliyang'anitsitsa ngati munthu wodziwa.
Ndaziona wabwera mwakachetechete
walitembenuza m'manja mwangamo,
mutu wake unali pansi.
Sananene kanthu.
Inenso sindinanene kanthu.
Thiraki ya ku Beira inadutsa pakati pa chete wathuyo.

Madzulo tikulongedza zotsala
wasalaza fumbi ndi phazi, watola kamtengo.
Ichi ndi B, bambo.
Onani, ndi mbatata ziwiri zosanjikizana
zotsamira pa ndodo.
Dzina lanu limayambira pamenepa.
Ndayang'ana uku ndi uku ngati wakuba,
kenako ndagwada.
Bizweki.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikuyenda nalo
osalionapo nkhope.
Z anandivuta masiku anayi,
amangoyang'ana kolakwika ngati bulu wokana ngolo.

Tsopano atsegulira.
Wapita m'mawa uno, nsapato zikumuthina,
mwezi umodzi wokha phazi lakula.
Kaya a Kampango akaona kusintha, kaya,
izo n'za iwo ndi cholembera chawo.
Wandisiyira katoni pansi pa ndowa,
mizere isanu yoti ndikopere asanaweruke.

Minibasi yaima patsogolo panga.
Ndayamba: Mu... Mulu... Mulungu Sa...
Kondakitala akufuula kuti kachewere bwanji, achimwene,
ine maso ali kumbuyo kwa galimoto.
Yanyamuka ndisanamalize.
Ndowa sinagulidwe.

Ibweranso mawa cha m'ma teni.
Ndiidikira.