Wolengeza Malonda Watsopano

Zaka khumi ndi zinayi
ndinali pakamwa pa masitolo a Mai Nakoma.
Njinga, chimkuzamawu chomangirira ndi mphira,
mabatire apadera m'thumba la jekete.
Pa Chitakale m'mamawa, pa Nkando dzuwa lili paliwombo,
ku Limbuli tsiku la msika,
kukuwa za malata, magambutsi ndi misomali
mpaka mawu kusasa ngati khasu lopala pamwala.

Kenaka Sitiveriya anabwerako ku sukulu yaukachenjede
ndi laputopu yong'aluka pakona.
Anakhala pa matumba a simenti masiku atatu
akulumikiza zinthu zopanda zingwe.
Akuti kaundula wa katundu wa masitolo onse anayi
tsopano akulankhulana ndi watsapu,
watsapu ndi Fesibuku,
ndipo pakati pawo pakhala wantchito wopanda thupi,
sadya, sapempha ya sopo, sadwala chimfine.

Ndinaseka. Ndinati tiona.

Ndinaonadi.
Chiperoni chisanatsike m'phiri
mafoni a othyola tiyi anali atalira kale:
majasi a pulasitiki alipo pa Chitakale, atsala makumi awiri.
Tsiku la malipiro ku esiteti ankalidziwa kuposa ine.
Mawilibala atatha ku Limbuli
anasiya yekha kuwatchula kumeneko
n'kuuza Filipo wa pa Chinakanaka kuti atumizeko ake asanu.
Ine kale ndinkakuwa za katundu woti anatha dzana,
anthu n'kukandiyang'ana ngati wabodza.
Njinga ndinaitsamiritsa kuseri kwa nyumba,
nkhuku zinayamba kugona pachishalo.

Loweruka lina pa Nkando panagwa zovuta.
Mwana wa a Muhiya, kalipentala uja
amene ankatigula misomali chiyambire sitolo.
Azimayi akulira m'nyumba, azibambo ali duu pansi pa mango,
mafoni anayamba kunjenjemera m'matumba,
iyi, kenaka iyo, kenaka ya abusa:
Mwayi wanu ndi lero! Matabwa atsika mtengo, fulumirani!
A Muhiya anawerenga mpaka kumapeto.
Anaika foni pansi mozondotsa.
Manja awo anali akadali ndi utuchi wa bokosi.

Mwezi wathunthu musitolo ya pa Nkando
munkangolowa ntchentche.

Mai Nakoma anapita okha kukapepesa, wapansi, atavula nsapato.
Sitiveriya anabwera kwanga chakumadzulo,
anakhala pa mtondo wogubuduza, laputopu ataisiya.
Malume Yosofati, inu munkadziwa bwanji pozimitsa chimkuzamawu?
Ndinati masamba, mwanawe.
Ukaona nthambi zitayalidwa pamsewu umatsika panjinga,
chipewa m'manja, pakamwa potseka.
Wantchito wakoyo ali nawo maso oonera masamba?

Alibe, anatero.
Anakhala chete, akukanda dothi ndi kamtengo.
Ndiye maso akewo mukhale inuyo.

Ndinathamangitsa nkhuku, ndinapopa matayala.
Chimkuzamawu chimatsala pamsomali kuchipinda.
Ndimazungulira monga kale, foni m'thumba la malaya,
ndikaona kanthu ndimaima n'kumunong'oneza:
lero pa Nkando ukhale chete;
ku Limbuli kwadzaza a tsidya lino la Milanje,
uyambe ndi moni, mtengo ubwere pambuyo;
pa Chinakanaka chimphepo chasasula madenga,
usasangalale, ungonena kuti malata alipo.
Amamva. Sanyinyirika ngati anyamata a musitolo.
Nthawi zina amandifunsa funso loti
ndimaliyankha ndili pakati pa chitunda, ndikupuma wefuwefu.

Usiku wathawu foni ya mayi a kunyumba inalira.
Anawerenga poyandikiza nyali:
Denga labwino, tulo tabwino, bwerani kwa Nakoma.
Anandiyang'ana. Awa si mawu anu awa?
Ndinati ndi anga, ndinawapeka ndili pa mlatho wa Likhubula,
mvula ikundimenya, chaka chomwe Sitiveriya ankayamba kukwawa.
Wawalemba bwino, sanalakwitse chilembo.
Kungoti sadziwa kuti pa labwino paja
ndinkakoka mpweya kaye
kuti agogo ogontha a pamphambano anditembenukire.